Chipinda cha Dailesi

Abale anga, ku Bangwe, kumtunda kwa msika, kunali mmisiri wina wa matabwa. Dzina lake silikufunika, chifukwa ngakhale anthu a m'dera lakelo ankangomutchula kuti a kalipentala. Anali munthu wopemphera, wosalawa mowa, wosadziwa kukangana ndi munthu. Ntchito yake inali yolongosoka. Mpando wokhomedwa ndi iye unkakhalidwa ndi agogo, n'kudzakhalidwanso ndi zidzukulu, mwendo osagwedera. Ndayamba ndi kumuyamikira chonchi kuti mukamamva zimene anachita musaganize kuti ndikukamba za chigawenga. Ndikukamba za munthu woti akanakhala pakati pathu pano mukanamusankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo palibe akanakudzudzulani.

Pa masiku amene ntchito inkayenda bwino, iye ndi mkazi wake anamanga nyumba ya njerwa zowotcha. Inali ndi balaza lalikulu, zipinda zogona ziwiri, khonde kutsogolo, ndi kachipinda kosungiramo zipangizo kuseri. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Dailesi. Chipinda chakum'mawa chinali cha mwanayu kuyambira tsiku limene anasiya kugona ndi amayi ake. Bambo ake anamukhomera bedi la mlombwa ndi kashelefu koikapo makope a kusukulu. Ankamukonda mwana wakeyo, ndipo pa zonse zimene ndinene, ichi chokha musachikayike.

Dailesi ali fomu yachiwiri, amayi ake anamwalira. Ndipo ngati kuti imfayo inatsegula chipata, mavuto ena analowa motsatizana. Matabwa anakwera mtengo. Anthu anayamba kugula mipando yapulasitiki, ija imathyoka mlendo wonenepa akangoseka kwambiri, koma poti ndi yotchipa, ankaigulabe. Mmisiri uja ankatha sabata yathunthu osamva munthu akuodira pa shedi yake. Maso anayamba kuchita chidima akamayang'ana manambala a pa tepi, ndipo m'mawa manja ankanjenjemera asanagwire sowo. Mukudziwa inu kuti mmisiri alibe penshoni. Penshoni yake ndi manja akewo. Choncho mantha anamulowa, mantha a ukalamba wopemphetsa, oti tsiku lina adzakhala pakhonde la munthu wina kudikira kuti amuitanire chakudya.

Anakhala pansi n'kunena kuti m'nyumba muno tisintha kadyedwe ndi kakhalidwe. Shuga anachoka. Masamba a tiyi ankawayanika padzuwa kuti agwirenso ntchito mawa lake, mpaka tiyiyo ankatuluka wotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Sopo wochapira ndi yemweyo anakhala wosambira. Makala anasiya kugula, m'malo mwake ankaphikira utuchi ndi tizidutswa ta matabwa ta pa shedi. Mababu onse anawazula n'kutsala limodzi, loti ukafuna kuwala kuchipinda, uyambe walidikira lizizire pabalaza n'kulinyamula. Ku Limbe ankapita wapansi. Msomali wopindika sankautaya, ankauwongola pamwala mpaka ugwirenso ntchito. Foni anali nayo, koma mayunitsi ankaikamo ongokwanira kufulasha, kuja koimba n'kudula mnzako asanayankhe kuti iyeyo ndiye awononge ake. Anthu a kumpingo ankaseka kuti foni ya a kalipentala imadziwa kuitana koma kulankhula sinaphunzire.

Sanalekere pa kuchepetsa pokha. Zidutswa za matabwa zimene kale ankazitaya anayamba kusema mithiko, zipande ndi timipando ta kukhitchini, ndipo Loweruka Dailesi ankakagulitsa kumsika. Kuseri kwa bafa analima kadimba ka mpiru kothirira madzi osambira. Zonsezi, abale anga, sindikuzinyoza. Ena mwa inu mukanaphunzirako kwa bambo ameneyu, makamaka inu amene mwezi ukafika pakati mumayamba kuyendera abale nthawi ya nkhomaliro. Ndi njira zimenezi anaphunzitsa mwana wake mpaka fomu yachinayi, osagonapo ndi njala tsiku n'limodzi lomwe.

Patapita zaka zingapo, Dailesi anapeza banja. Mwamunayo anali Lingisoni, wogwira ntchito pa chigayo china ku Lunzu, munthu waulemu pamaso, wodziwa kuvula chipewa ndi kunjuta. Nkhoswe ya Dailesi anali amalume ake, a Chimbalanga, mlongo wa malemu amayi ake, amene ankakhala kumudzi ku Ntcheu. Ukwati unachitika mosawononga zambiri, monga mungayembekezere, ndipo Dailesi ananyamuka kupita ku Lunzu. Mmisiri anatsala yekha m'nyumba yaikulu ija.

M'mawa wina anaima pakati pa balaza, tepi ili m'manja, n'kuyang'ana uku ndi uku. Kwa nthawi yoyamba sanaone nyumba. Anaona malo. Anadzifunsa kuti munthu mmodzi, wa msana umodzi, amafuniranji zipinda zonsezi pamene anthu akuyendayenda m'Bangwe muno kufunafuna nyumba za lendi.

Anayamba ndi chipinda chake chomwe, chimene ankagona ndi malemu mkazi wake. Analowetsamo mlonda wina ndi banja lake, iye n'kumagona pabalaza. Mwezi utatha, ndalama zinabwera zokha, osatuluka thukuta, osagwira sowo. Zinamukomera. Ndiye poti matabwa ndi misomali ndiyo inali ntchito yake, anadula balaza lija pakati, n'kukhala zipinda ziwiri, n'kusiya kanjira kopapatiza m'mbali koti munthu wathupi ankadutsa cham'mbali atakoka mimba. Iye anasamukira ku kachipinda ka zipangizo kuseri kuja, kumene mphasa inkangokwana pakati pa bokosi la zitsulo ndi khoma. Kenaka anatseka khonde n'kulisandutsa okala, mayi wina n'kumagulitsiramo mchere, machesi ndi mafuta oyeza. M'mawa pa chimbudzi pankakhala mzere ngati pachipatala. Dzina lake linasinthanso, anthu anayamba kumutchula kuti alandilodi, ndipo ngakhale ankakana ndi pakamwa, dzinalo linkamutsekemera.

Chipinda cha Dailesi chokha ndiye anachisiya. Miyezi isanu ndi umodzi chinakhala chotseka, makope ake ali pa shelefu, diresi yake yakale ya kwaya ili pa msomali. Akadutsa pakhomo pake ankamva ngati mwanayo wangopita kumsika. Koma mtima wowerengera uja sunamusiye. Unkamunong'oneza kuti mwana wokwatiwa ali ndi nyumba yake, kuti chipinda chopanda munthu chimangotha tsache, kuti ndi lendi ya chipinda chimenechi akhoza kusintha malata odontha a padenga mvula isanabwere. Zonsezo zinali zoona. Ndicho chovuta chake, abale anga, kuti mawu amene amatisocheretsa kawirikawiri sakhala abodza. Tsiku lina analonga katundu wa mwana wake m'thumba la feteleza, n'kulipachika kudenga la kachipinda kake, ndipo sabata yomweyo m'chipindamo munalowa tenanti.

Dailesi atabwera kudzacheza, anaseka n'kunena kuti ababa nyumba mwaisandutsa resitihausi. Bambo ake anaseka nawo. Anamukhazika pa kampando panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, anacheza, ndipo dzuwa litapendeka anabwerera kwawo. Anabweranso kawiri kapena katatu chaka chimenecho. Ulendo uliwonse ankaoneka wochepako thupi, ndipo kuseka kunkachepanso, koma akafunsidwa za kunyumba ankangoti kuli bwino.

Tsopano mvetserani za tsiku limene ndakuitanirani fanizoli. Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tenanti wa m'chipinda cha Dailesi anali atasamuka Lolemba. Malo ake anali atatengedwa kale ndi mphunzitsi wina wamkazi, Mayi Chirambo, amene analipiriratu n'kunena kuti adzalowa Loweruka. Ndalamazo zinali m'thumba la malaya a mmisiri, zokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki, zikudikira kukagula malata. M'mawa wa tsikulo anali atasesa ndi kukolopa chipindacho, n'kusiya chitseko chotsegula kuti muume.

Cha m'ma thu koloko, ali pa shedi akupala thabwa, anaona Dailesi akukwera kanjira kochokera ku siteji. Pamutu anasenza chikwama chachikulu chamizeremizere, zija amanyamulira kaunjika. M'kutentha konse kuja anali atavala juzi ya manja aatali, ndipo mpango anaukokera mpaka m'zikope. Anatula chikwamacho movutikira, anagwada chapatali, n'kupereka moni.

"Ndangobwera kudzakuonani, ababa."

Diso la mmisiri silinamizika. Munthu amene amazindikira thabwa lopindika likadali pa lole sangalephere kuona mlomo wotupa wa mwana wake. Anaona kuti kapu ya madzi wailandira ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pamimba osasuntha. Anaona kuti pokhala pansi wakhalira mbali imodzi, ndipo popuma akupuma mosamala ngati munthu amene nthiti zikumubaya. Anaona zonsezi, mtima unamupweteka, kenaka anabweza maso ake pa thabwa lija n'kufunsa ngati ku Lunzu nakonso kukutentha chonchi.

Inu mukudziwa mmene timalerera ana athu. Mwana wamkazi woleredwa bwino sakhala pamaso pa bambo ake n'kuyamba kufotokoza za m'nyumba mwake. Zimenezo amauza amayi ake, ndipo amayi a Dailesi anali kumanda. Ndiye mwanayo analankhula mozungulira. Anakamba za kukwera mtengo kwa ufa, anafunsa za anthu a kukwaya, ananena kuti a Lingisoni masiku ano akumafika kunyumba atatopa kwambiri. Kenaka anadzuka ngati akukabweza kapu, analowa m'kanjira kopapatiza kaja, n'kukaima pakhomo pa chipinda chake. Bedi lake linali pomwe paja, shelefu ili pomwe paja, pansi pakununkhira sopo. Anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. Atatuluka anakhalanso pa kampando, maso ali pansi.

"Ndaona chipinda chija mulibe munthu."

"Chili ndi mwini wake. Akulowa Loweruka."

Dailesi anapotokola ulusi wa juzi yake. Kenaka ananena motsitsa mawu, moti mkokomo wa msika ukanatha kuwameza.

"Ndimati mwina ndikhaleko masiku angapo, ababa."

Abale anga, apa ndi pamene munthu uja anaima pa mphambano. Njira zinalipo, ndipo sizinali zobisika. Akanatha kubweza ndalama za mphunzitsi n'kupepesa, malata n'kudikira chaka china. Akanatha kumupatsa mwanayo kachipinda kake ka kuseri, iye n'kumagona pa benchi ya pa shedi, popeza Okutobala alibe chisanu. Akanatha kupita kwa amayi a kumpingo n'kupempha kuti amusungireko mwana. Koma kubweza ndalama zimene walandira kale kunamuwawa ngati kuzula dzino. Kugona pa shedi anaona kuti matenanti amupeputsa. Ndipo kupempha malo kwa ena, iye landilodi wa zitseko zisanu, anaona kuti Bangwe yense amuseka.

Ndiye anachita chimene ambiri a ife timachita tikafuna kukana popanda kuoneka oipa. Anathawira ku mwambo. Anamukumbutsa mwanayo kuti iye tsopano amagona m'kachipinda kamodzi, ndipo si zoyenera kuti bambo ndi mwana wake wamkazi wamkulu agone malo amodzi. Anamukumbutsanso kuti ngati kunyumba kuli kusamvana, nkhani zoterozo ndi za ankhoswe, bambo salowerera. Miyambo iwiri yonseyi ndi yabwino, makolo athu anaiika kuti iteteze ana, koma tsiku limenelo iye anaisandutsa loko. Anamulangiza kuti abwerere dzuwa lisanalowe, mwamuna wake asanaone kuti wachoka, kuopa kukulitsa nkhani. Analonjeza kuti awaimbira amalume ake kuti abwere adzakhale pansi ndi a kuchimuna. Anawonjezeranso kuti mwezi wamawa kapena winawo mwina tenanti wina adzasamuka, ndipo pamenepo adzaona chochita.

Dailesi sanalire, sanatsutsenso. Anangoti, "Chabwino, ababa."

Anamuperekeza ku siteji, ndipo chikwama chija anachinyamula yekha paphewa. Chinali cholemera. Pa phazi lililonse ankamva mapoto akugundana m'katimo, pafupi ndi khutu lake. Iye ankadziwa, monga mmene inu mukudziwira, kuti munthu wongobwera kudzaona bambo ake sanyamula mapoto. Atafika pa golosale anaima n'kugula paketi ya shuga ndi buledi, zinthu zimene iye mwini sanazilawe kwa zaka zambiri, n'kumupatsa mwanayo. Analipiranso minibasi. Tsiku limenelo anawononga ndalama zambiri kuposa masiku onse, ndipo anabwerera kunyumba akudziuza kuti wachita zimene bambo amayenera kuchita. Minibasi ikunyamuka, Dailesi sanayang'ane pawindo. Anangoyang'ana buledi amene anali pamiyendo pake.

Lonjezo loimbira amalume sanaliiwale, ayi. Madzulo omwewo anatulutsa foni, anapeza nambala ya a Chimbalanga, n'kufulasha. Anadikira. Patapita kanthawi foni inalira kamodzi n'kuduka. A Chimbalanga nawo anali atafulasha. Mawa lake anafulashanso, a Chimbalanga anabweza chimodzimodzi. Aliyense ankaganiza kuti mnzakeyo ndiye ali ndi ndalama. Wa kumudzi ankati landilodi wa m'tauni sangasowe mayunitsi, wa m'tauni ankati nkhoswe ndiye mwini nkhani, aimbe ndi iyeyo. Amuna awiri akuluakulu, a imvi zawo, anafulashana sabata yathunthu, ndipo palibe mawu amodzi amene anadutsa pakati pawo. Ndikuona ena mukumwetulira. Inenso ndikanaseka, koma ndikudziwa kumene nkhaniyi ikupita, ndipo imandiwawa.

Loweruka Mayi Chirambo analowa m'chipinda muja ndi masutikesi awo awiri. Malata anagulidwa n'kukhomedwa. Ku Lunzu kunali zii, ndipo mmisiri anadziuza kuti kukakhala chete ndiye kuti agwirizana. Tsiku lina anamufulashanso Dailesi, koma foni yake sinkapezeka. Anaganiza kuti mwina kwawoko magetsi avuta.

Patatha masabata atatu, m'mawa, akudula thabwa, foni yake inalira. Anadikira kuti iduke monga mwa masiku onse, koma sinaduke. Woimbayo anali mayi wina woyandikana nyumba ndi Dailesi ku Lunzu, munthu amene sankamudziwa n'komwe. Mayiyo anati afulumire kuchipatala, mwana wawo anamutengera kumeneko m'bandakucha atavulazidwa kwambiri, ndipo mwamuna wake wathawa. Mmisiri anataya sowo pansi. Anakwera njinga yamoto osafunsa mtengo, koyamba m'moyo wake. Koma pamene ankafika, anapeza pabedi pali kale munthu wina, ndipo namwino anamutengera pambali n'kumuuza kuti akhale pansi kaye.

Mayi woimba foni uja anali panja, pansi pa mtengo. Ndi iye amene anamufotokozera zonse, mosakweza mawu, mosamuimba mlandu. Anati nkhanza zinayamba kalekale, ndipo Lachinayi lija ndi iyeyo amene anamuthandiza Dailesi kulonga chikwama, namuuza kuti apite kwa bambo ake asabwerenso. Anadabwa madzulo kumuona akutsika minibasi ndi chikwama chomwe chija. Atamufunsa, Dailesi sananene choipa chilichonse cha bambo ake. Anangoyankha kuti kwa ababa kwadzaza.

A Chimbalanga anafika tsiku lomwelo kuchokera ku Ntcheu. Ndalama ya basi inapezeka msanga, ngakhale ya mayunitsi inkasowa. Amuna awiriwo anapatsana moni osayang'anana kumaso. A kuchimuna sanaoneke ndi mmodzi yemwe, choncho anagwirizana kuti maliro akagone ku Bangwe, kunyumba kwa bambo ake, mawa lake n'kunyamuka kukaika kumudzi pafupi ndi amayi ake. Amisiri anzake anasonkha matabwa n'kukhoma bokosi, chifukwa sakanalola kuti bambo akhome yekha bokosi la mwana wake.

Galimoto yonyamula maliro inafika cha m'ma folo koloko. Anthu anali atadzaza pabwalo, amayi a mpingo atavala zoyera zawo, akuimba. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi kulunjika pakhomo, pakuti mwambo wathu ndi woti malemu alowe m'nyumba, agone m'siwa, amayi amuzungulire. Mutu wa bokosi unalowa pachitseko, n'kugunda khoma la matabwa. Anabwerera pang'ono, anayesa kukhota, koma kanjira kaja kanali kopapatiza. Anayesanso, bokosi linakhula khoma. Wina anati mwina alipendeketse cham'mbali. Pamenepo mtsogoleri wa amayi, mayi wachikulire, anakweza dzanja.

"Musamupendeketse mwanayo. Wavutika kale mokwanira."

Nyimbo inazilala yokha. Amuna aja anangoima, theka la bokosi lili m'kati, theka lili panja, thukuta likutsika, osadziwa kolowera. Maso onse anatembenukira kwa mwini nyumba.

Mmisiri anadzuka pamene anakhala. Anazungulira kuseri, anatenga hamala ndi chitsulo chozulira misomali, analowera khomo lakumbuyo, n'kuyamba kugwetsa khoma lija. Silinagwe msanga. Paja ndinakuuzani kuti ntchito yake inali yolongosoka, ndiye msomali uliwonse unagwira zolimba, thabwa lililonse linkalira pozuka. Anamenya mpaka zala zinatuluka magazi, ndipo amene anafuna kumulandira hamala anawakankha. Matenanti sanadikire kuuzidwa. Anayamba kutulutsa katundu wawo, matilesi, mbaula, ndowa, n'kuunjika pansi pa mtengo wa mapeyala. Mlonda uja anatulutsa wake. Mayi wa okala anachotsa mashelefu ake pakhonde. Mayi Chirambo anakoka masutikesi awo n'kutsegula chipinda chakum'mawa kuti amayi ena akhalemo. Palibe anafunsa za lendi, palibe anadandaula kuti agona kuti.

Sipanathe ngakhale ola limodzi. Balaza lija linaonekanso lonse, lalikulu monga analisiyira malemu mkazi wake. Bokosi linalowa mowongoka, analiika pakati pa mphasa, ndipo amayi oposa makumi anayi anakhala molizungulira, malo n'kutsalabe.

Mmisiri anatuluka n'kukakhala pa mulu wa matabwa amene anazula. Anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzamupepesa. Mayi Chirambo anabwera pomalizira. Anali atangomva kumene kwa amayi anzawo kuti chipinda chimene ankagonamo chinali cha ndani, ndiponso zimene zinachitika Lachinayi lija. Anagwada pambali pake, misozi ikutsika, ndipo sanalankhule mokalipa.

"Bambo, mukanangondiuza. Chipinda chija n'chachikulu. Tikanagona awiri."

Mmisiri sanadzutse mutu. Anangoyang'ana manja ake.

Makoma aja sanawakhomenso. Matenanti anasamuka mmodzimmodzi, ndipo akabwera ena kudzafunsa malo ankawabweza. Anatsala yekha m'nyumba ya zipinda zonse zija, zotsegula, zosesedwa bwino, popanda wobwera kudzagonamo.

Abale anga okondedwa, tanthauzo la fanizoli si lakuti kusamala ndalama ndi tchimo. Nthawi zavuta, ndipo ine ndikudziwa mmene ena mwa inu mwafikira muno m'mimba muli pululu. Chepetsani zimene mungachepetse. Chitani geni, limani dimba, chititsani lendi ngati muli ndi pochititsa. Mulungu sakondwera ndi ulesi, sakondweranso ndi kumwaza.

Koma nyumba ija ndi moyo wanu, ndipo ambiri a ife tayenda nayo ndi tepi. Taona kuti ola la pemphero silibweretsa kanthu, talichititsa lendi. Taona kuti Lamulungu masana likungokhala, taikamo okala. Nthawi yokhala pansi ndi mwana n'kumufunsa kawiri kuti uli bwanji, nthawi yokaona wodwala, nthawi yongomvetsera mkazi wako akulankhula, zonsezi tazidula pakati n'kulowetsamo zopindulitsa. Chilichonse tinali ndi chifukwa chake chomveka. Tsopano tadzaza, ndipo ife eni tikugona kuseri pamodzi ndi zipangizo.

Ambuye akamabwera kwa munthu satumiza kalata kuti mukonzeretu malo. Amafika Lachinayi masana, muli pakati pa ntchito, ndalama za wina zili kale m'thumba. Amafika mwa munthu amene mukumudziwa bwino, wosenza katundu wolemera, wamanyazi, wosatha kunena zonse. Sakuwa, sakankha chitseko. Amapempha kamodzi, motsitsa mawu, ndipo mukamuuza kuti mwadzaza, amayankha mwaulemu n'kubwerera. Inu mumatsala mukuganiza kuti nkhani yatha bwino.

M'moyo wa mkhristu muyenera kukhala chipinda chimodzi chosabweretsa ndalama. Anthu adzakuuzani kuti chikungowonongeka, ndipo mwezi ndi mwezi mudzaona ngati akunena zoona. Chisiyeni chomwecho. Chimenecho ndi cha Mulungu ndi cha amene Iye adzamutume.

Malo mudzawapeza ndithu, abale anga, pakuti palibe amene amalephera kuwapeza tsiku la maliro. Mmisiri uja anawapeza pasanathe ola limodzi, ndi hamala yomwe anali nayo masiku onse. Inu mukudziwa amene anabwera kwa inu posachedwapa n'kubwerera ndi katundu wake. Musamufulashe. Pitani mukazule misomaliyo lero, iye akadali ndi moyo woti n'kulowa yekha pakhomo.